Sukulu n'zaulere inde, koma mwana akhala pati?

Pali mawu awiri amene kholo la m'tauni limaopa kuposa kulira kwa kadzidzi usiku: "malo atha." Mawuwa amamveka kwambiri chaka cha sukulu chikamayamba, pamene amayi a geni atseka mabenchi awo kumsika, abambo a kabaza aimika njinga, onse ali ndondondo pakhomo la ofesi ya ahedi, dzanja ili lagwira mwana, linalo kabuku ka kusikelo. Chodabwitsa n'chakuti mumzinda womwewo muli sukulu zina kumene mawuwa samveka n'komwe. Kumeneko aliyense wobwera amalembedwa, ngakhale kalasi itadzaza mpaka kusefukira pakhonde. Choncho kholo latsala ndi njira ziwiri: kukanidwa kusukulu imene ili ndi madesiki, kapena kulandiridwa ndi manja awiri kusukulu imene mwana akakhale pafumbi.

Lero ndati tikambirane nkhani imeneyi, abale anga, chifukwa ikukhudza thumba la aliyense wochita malonda ndiponso tsogolo la wophunzira aliyense. Ine maganizo anga ndi akuti mphunzitsi wamkulu amene akubweza ana ndi mnzake amene akuwalandira onse, awiriwa si amene adayambitsa vutoli. Vuto lagona pa mafunso atatu amene mizinda yathu siidawayankhe bwino: sukulu iliyonse ingathe kusunga ana angati, anawo azichokera dera liti, ndipo malo akachepa, alowe ndani, atsale ndani?

Walira mvula walira matope

Tiyambe ndi kumene tidachokera. Pa 17 May 1994 Amalawi tidavota pachisankho cha zipani zambiri, ndipo boma la a Bakili Muluzi lidakwaniritsa lonjezo lake la maphunziro aulere a pulayimale chaka chomwecho. Izi sizidagwe kumwamba ngati matalala ai. Kuyambira mu 1991 boma la MCP lidali litayamba kuchotsa fizi pang'onopang'ono m'makalasi oyambirira, komanso padali ndondomeko ya GABLE imene inkalipirira atsikana osabwereza kalasi. Koma mu 1994 chitseko chidatsegulidwa chonse kamodzin'kamodzi. Ana a m'sukulu za pulayimale adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha.

Pasakhale wina wondimva molakwa. Chimenechi chidali chinthu chabwino, ndipo ambiri amene mukuwerenga tsamba lino mudadziwa a, e, i, o, u chifukwa cha chitseko chimenechi. Koma akulu adati walira mvula walira matope. Boma lidalemba mofulumira aphunzitsi oyandikira 20,000 amene sadapite kukoleji ya uphunzitsi, n'kuwapatsa maphunziro a masabata owerengeka, ndipo pambuyo pake lidakhazikitsa ndondomeko ya MIITEP kuti awaphunzitse ali pantchito. Mphunzitsi ungamulembe mwezi umodzi, koma kalasi siimera ngati bowa. Imafuna malo, njerwa, simenti ndi malata. Mitengo ya mango ndi ya kesha ndiyo idasenza mtolo umene makoma adalephera kusenza.

Papita zaka zoposa 30. Chiwerengero cha ana chidafika pa 5 miliyoni. Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 25, amapereka ufulu wa maphunziro kwa aliyense, ndipo lamulo la zamaphunziro la mu 2013 lidanenetsa kuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere komanso yokakamiza. Tsono taonani mkangano wake: lamulo likuuza kholo kuti tumiza mwana kusukulu, likuuza ahedi kuti musabweze mwana, koma palibe amene lamuloli likumugwira pakhosi kuti amange kalasi yoti mwanayo akhalemo.

Mzinda ukukula, bwalo la sukulu lili pomwepo

Anthu ambiri akamva za kuphunzirira pansi pa mtengo amaganiza za kumudzi. Koma sukulu zimene zili ndi ana ambiri zedi m'dziko muno zili m'tauni. Pitani ku Mbayani, ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chirimba mu Blantyre. Pitani ku Chinsapo, ku Area 25, ku Area 36 kapena kwa Kauma mu Lilongwe. Mupeza sukulu zimene ana ake amawerengedwa m'masauzande. Nthawi yoweruka msewu umadzaza ndi yunifolomu ngati kwatha mpira ku sitediyamu.

Chifukwa chake n'chosabisika. Likulu la dziko lidasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Pakalembera wa mu 1977 mzinda wa Lilongwe udali ndi anthu osakwana 100,000. Mu 1998 adali pafupifupi 440,000, ndipo pakalembera wa mu 2018 adafika 989,000. Kumeneku ndi kuchulukitsa kakhumi m'zaka 41. Blantyre idali ndi anthu pafupifupi 500,000 mu 1998, n'kufika 800,000 mu 2018. Mzuzu idaposa 220,000, Zomba 100,000. Kodi makalasi nawo adachulukitsidwa kakhumi? Yankho mukulidziwa nokha.

Chachiwiri n'chakuti anthu atsopanowa sadakakhale ku Area 10, ku Area 43, ku Nyambadwe kapena ku Sunnyside kumene mapuloti adadulidwa ndi ndondomeko. Adakakhala ku Mtandire, ku Mgona, ku Manase, ku Chilobwe, ku Mchengautuwa, ku Masasa ndi ku Chikanda, kumene munda umasanduka mapuloti khumi sabata imodzi, ndipo puloti iliyonse imabereka nyumba za lendi zisanu ndi imodzi. Wogulitsa malo saganiza zosiya bwalo la sukulu, chifukwa bwalo la sukulu silimupatsa ndalama. Akhonsolo akamadzafika ndi mapu awo amapeza paliponse pali khoma. Kumudzi, mfumu ikhoza kuloza dambo kapena thengo n'kuti mangani apa. M'tauni, ngakhale wina atabwera lero ndi ndalama zomangira sukulu, funso loyamba ndi lakuti: pati?

Ndiye sukulu yakale ija, imene a mishoni kapena a LEA adamanga poganizira ana mazana angapo, ndiyo ikumeza dera lonse. Ndipo ngakhale kabwalo kake komweko ena akukadya m'mbalim'mbali: apa wamanga okala, apa garaja, apa tchalitchi cha malata, apa njira ya galimoto yadutsa pakati pa bwalo la mpira.

Masamu a m'kalasi

Inu a bizinesi mumakonda masamu, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Mlingo umene Unduna wa Zamaphunziro udadziikira ndi wakuti kalasi imodzi izikhala ndi ana 60, mphunzitsi mmodzinso ana 60. Koma pa dziko lonse, kwa zaka zambiri, chipinda chimodzi chakhala chikugwera ana oposa 100. Tingoyerekeza sukulu ya ana 5,000. Pa mlingo wa 60 ifunika zipinda 84. Ngati ili ndi zipinda 24, ndiye kuti chipinda chilichonse chikuyenera kumeza ana oposa 200, zimene sizingatheke ngakhale mutawapanikiza ngati matemba m'dengu. Otsalawo ali panja.

Tiwerengerenso nthawi. Phunziro la mphindi 30, ana 150. Mphunzitsi atati apatse mwana aliyense nthawi yofanana, aliyense angapeze masekondi 12. Kuchonga makope 150 a masamu, kope lililonse theka la mphindi, ndi ola limodzi ndi mphindi 15, phunziro limodzi lokha. Ndiye mukadabwa kuti mwana wanu ali sitandade 4 koma kulemba dzina lake akuvutika, musathamangire kunena kuti mwanayu ndi mbuli kapena aphunzitsi ndi aulesi. Mwina chaka chonse chatha aphunzitsi asadalidziwe n'komwe dzina lake.

Pofuna kuthana ndi izi sukulu zambiri za m'tauni zimagawa tsiku: ena m'mawa, ena masana, kapena ana aang'ono akaweruka chipinda chawo n'kulowamo akuluakulu amene amadikira panja. Nzeru imeneyi imathandiza, koma ili ndi mtengo wake. Maola ophunzira amafupika. Mwana wolowa masana amakhala m'mawa wonse yekha kunyumba, mayi ali kumsika, ndipo nyumba zoonetsa mavidiyo zimadziwa bwino kumene makasitomala awo amachokera.

Palinso njoka ina imene imadziluma mchira: kubwereza kalasi. Mwa ana anayi kapena asanu aliwonse a pulayimale, mmodzi amabwereza. Kalasi ikadzaza ana saphunzira. Akapanda kuphunzira amabwereza. Akabwereza amakumana ndi atsopano, kalasi n'kudzaziratu. Sitandade 1 ndi 2 ndiwo amathinana kwambiri, chonsecho m'mera mpoyamba. Ndipo m'sukulu zambiri zipinda zabwino ndi madesiki zimapita kwa a sitandade 7 ndi 8 chifukwa cha mayeso, pamene kamwana ka zaka 6 kamene kakuphunzira kugwira pensulo kali pansi pa mtengo, kope lili pabondo. Mvula ikangoti waa, sukulu yatha.

Tisaiwalenso kuseri. Sukulu si makalasi okha. Ndi zimbudzi ndi mpopi. Mu January 2023 boma lidachedwetsa kutsegulira sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe chifukwa cha kolera. Patangopita miyezi iwiri, mu March, namondwe wa Freddy adagwetsa nyumba ku Chilobwe ndi madera ena, ndipo makalasi omwewo ochepawo adasanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Sukulu yodzaza kale ilibe popumira tsoka likagwa.

Sukulu iyi ndi ya ana a kuti?

Tsopano tifike pa funso lachiwiri, la dera. Pa mapepala sukulu zathu zili m'mazoni, zoni iliyonse ili ndi mlangizi wa sukulu za pulayimale, amene ambiri timangoti a PEA, ndi likulu lake la TDC. Mizinda inayi ili ndi maofesi akeake a zamaphunziro. Koma mazoniwa adapangidwa kuti aziyendetsera ntchito ya aphunzitsi. Kholo wamba silidaonepo mapu onena kuti mwana wokhala mseri mwa msika uwu malo ake ali pasukulu iyi. Aliyense amapita kumene miyendo, thumba ndi maubale ake zingamufikitse.

Zotsatira zake timaziona m'mawa uliwonse. Ana amene makolo awo ali ndi kangachepe amakwera minibasi kapena kabaza kudutsa sukulu ziwiri zitatu, kupita ku sukulu ya boma kapena ya mishoni imene ili ndi mbiri yosankhitsa ana. Pamenepo mwana wokhala kuseri kwa mpanda wa sukulu yomweyo amauzidwa kuti malo atha, n'kumayenda mtunda wautali, kuwoloka misewu ya galimoto ndi mitsinje ngati Mudi, Nasolo kapena Lingadzi nthawi ya dzinja. Kumene kuli phala la m'mawa, monga limene bungwe la Mary's Meals lakhala likupereka kuyambira mu 2002, nakonso ana amakhamukirako, ndipo palibe angawadzudzule. Mimba yanjala siimva A kapena B.

Chimene chimakoka makolo kwambiri ndi sekondale. Mayeso a sitandade 8 amalembetsa ndi a MANEB, koma kukhoza ndi kusankhidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ana amene amapeza malo ku folomu 1 m'sukulu za boma sakwana ndi theka lomwe la omaliza pulayimale. Sekondale zoyendera za CDSS, zimene zidabadwa kuchokera ku ma DEC kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, zimatenga ana kuchokera ku sukulu za pulayimale zozungulira zimene zidaikidwa pansi pake. Choncho sukulu imene mwana walembera mayeso imanena zambiri za kumene angasankhidwire. N'chifukwa chake makalata a transifa amachuluka mu sitandade 7 ndi 8. Kholo lochenjera limasuntha mwana ngati mbewu ya bawo, kufuna dzenje lodya. Kholo losadziwa limangoti mwana wanga alibe mwayi.

Ena amati mankhwala ake ndi kudula malire okhwima: mwana aliyense aphunzire m'dera lake basi, monga amachitira maiko ena. Ine pamenepa ndimati tidekhe kaye. M'mizinda yathu ambirife ndife a lendi. Chaka chino uli ku Zingwangwa, alandilodi akakweza nyumba uli ku Chilobwe, geni ikasintha uli ku Machinjiri. Nyumba zambiri zilibe nambala, ndipo bilu ya madzi ili m'dzina la mwini puloti. Udzatsimikiza bwanji kumene umakhala? Chachikulu n'chakuti malire okhwima, popanda kumanga sukulu zatsopano, angatsekere ana a anthu osauka m'sukulu zodzaza zomwezo, pamene sukulu za m'madera a mabwana, amene ana awo ambiri ali ku pulaiveti, zili ndi mpata. Kumeneko kungakhale kulemba umphawi pa mapu n'kuudinda chidindo cha boma.

Koma kusowa kwa malire kulinso ndi mwini wake amene amapindula nako: yemwe ali ndi ndalama ya minibasi ndi yemwe amadziwana ndi wina mu ofesi. Njira yapakati ilipo, ndipo ndiifotokoza kutsogoloku.

Khomo lakumaso ndi khomo lakuseri

Funso lachitatu ndi la kalembedwe. Msinkhu woyambira sitandade 1 ndi zaka 6. Akuluakulu mukukumbukira muyeso wakale uja: dzanja lidutse pamwamba pa mutu likagwire khutu la mbali inayo, likalephera, bwerera ukakule. Lero tili ndi bungwe la NRB limene limapereka ziphaso za kubadwa, komanso kabuku ka kusikelo kamanena tsiku lobadwa. Komabe m'tauni makolo ambiri amakankhira kusukulu ana a zaka 4 kapena 5, powonjezera chaka ndi pakamwa. Sindikuwaweruza. Mayi wogulitsa tomato alibe womusiyira mwana, sukulu ya mkaka imafuna ndalama mwezi ndi mwezi, pamene sitandade 1 ndi yaulere. Koma kamwanako kamakangogona m'kalasi, kamabwereza, ndipo kamatenga malo kawiri. Mbali inayi kuli a zaka 9 kapena 10 amene angobwera kumene kuchokera kumudzi. Onsewa mphunzitsi mmodzi, choko chimodzi.

Ndiye pali khomo lakuseri. Paliponse pamene katundu wachepa ndipo mtengo wake sudalembedwe, pamabadwa madobadoba. Inu a kumsika mukudziwa zimene zimachitika shuga kapena mafuta a galimoto akasowa. Malo a sukulu ndi chimodzimodzi. Mzere ukauzidwa kuti malo atha, mawa lake umaona mwana wina watsopano atavala yunifolomu, chifukwa atate ake amapemphera limodzi ndi wakuti, kapena kalata yachokera kwa bwana wakutiwakuti, kapena padadutsa "ya fanta." Aphunzitsi aakulu ambiri ndi anthu okhulupirika amene akugwira ntchito yolemetsa pa malipiro ochepa, ndipo ena a iwo amachita kuopsezedwa ndi anthu a maudindo kuti alandire mwana. Koma pamene palibe lamulo lolembedwa poyera, wokhulupirika ndi wakuba amaoneka chimodzimodzi, ndipo kholo lobwezedwa limapita kwawo likukhulupirira kuti laberedwa.

Kwa zaka zambiri padalinso tindalama tosiyanasiyana topempha pakhomo: ya chitukuko, ya mlonda, ya madzi, ya lipoti, ya mayeso oyeserera. Makomiti a sukulu ankapempha izi chifukwa thandizo lochokera ku boma limachepa, ndipo bilu ya madzi ya ana masauzande si yamasewera. Koma chopereka chikasanduka chiphaso cholowera pageti, mawu oti "yaulere" atha ntchito. Mwana asabwezedwe chifukwa cha ngongole ya kholo lake.

Kholo likatopa ndi zonsezi limathawira ku pulaiveti. Chiyambire 1994 sukulu zoterezi zamera paliponse. Zina n'zabwino ndithu, koma zina ndi nyumba yogonamo imene aigwetsa khoma lapakati, yopanda bwalo, chimbudzi chimodzi, aphunzitsi osinthasintha teremu iliyonse. Wogulitsa kaunjika kapena zitsulo amalipira fizi kuchokera pa mpamba wake, ndipo geni ikagwa mwezi umodzi mwana amabwezedwa, n'kubwereranso ku sukulu ya boma kukapempha malo pakati pa chaka. Munthu ameneyu amadula tikiti ya msika tsiku ndi tsiku, amalipira msonkho pa sopo ndi pa mayunitsi, kenaka alipirenso kachiwiri chinthu chimene lamulo lidati n'chaulere. Zoona zimenezi?

Nanga tichitenji?

Kudandaula kokha sikumanga khoma. Ine ndili ndi mfundo zingapo, ndipo zambiri mwa izo sizifuna ndalama za azungu.

Poyamba, sukulu iliyonse ya boma ndi ya mishoni yothandizidwa ndi boma ilembe pa bolodi pageti: zipinda tili nazo zingati, aphunzitsi angati, ana angati m'kalasi iliyonse, malo otsala angati. Golosale imalemba mitengo, chigayo chimalemba mitengo, chipatala chimalemba maola. Bolodi lotere lingateteze ahedi kwa owaopseza, lingatseke pakamwa pa amiseche, ndipo lingaonetse phungu ndi khansala manyazi awo tsiku lililonse akamadutsa.

Kachiwiri, malo a sitandade 1 aziyamba kuperekedwa kwa ana okhala pafupi, amene angafike wapansi osawoloka msewu waukulu kapena mtsinje, komanso kwa amene abale awo ali kale pasukulupo ndi ana olumala. Umboni wa kumene munthu akukhala ukhale wosavuta, woti wa lendi angaupeze, monga kalata ya mfumu ya m'deralo yoperekedwa ulere. Malo otsala aperekedwe poyera kwa ochokera kutali, mwa ndondomeko yodziwika, komiti ya sukulu ndi makolo akuona. Ndipo mwana amene wayamba kale pasukulu asachotsedwe chifukwa makolo asamuka nyumba.

Kachitatu, mawu oti "malo atha" asamathere pomwepo. Sukulu ikalephera kulandira mwana, ipereke kakalata kopita kwa a PEA, ndipo ofesi ya zoni imupezere malo pasukulu ina yapafupi. Kufunafuna malo isakhale ntchito ya mayi amene wasiya nsomba zake zikuwola pabenchi.

Kachinayi, makhonsolo a mizinda ateteze malo. Bwalo lililonse la sukulu lipimidwe, likhale ndi chikalata cha umwini ndi mpanda, ngakhale wa mitengo yobzala. Kumene mizinda ikufutukukira lero, ku Machinjiri, ku Chileka, ku Area 49, ku Njewa, ku Dunduzu, malo a sukulu asungidwe tsopano mapuloti asadathe. Pakadafunda padajiwitsa galu. Ndipo kumene malo adatha kale, tiyambe kumanga mopita m'mwamba. Ngati amalonda akumanga mashopu osanjikiza ku Limbe ndi ku Area 2, chikuletsa n'chiyani kumanga makalasi osanjikiza ku Ndirande?

Kachisanu, ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, za CDF, tizizifunsa. Phungu akabwera ndi mipira ndi mayunifolomu a timu, mulandireni bwino, kenaka mufunseni kuti chaka chino wamanga zipinda zingati, ndi zimbudzi zingati. Zipinda zatsopano zikamangidwa, zoyamba zipite kwa a sitandade 1 ndi 2.

Kachisanu n'chimodzi, ife makolo tisiye kunama zaka za ana. M'malo mwake, makomiti a m'misika, amene amatha kusonkhetsa ndalama za maliro ndi za mlonda, aganizirenso za kamalo kosungirako ana aang'ono pafupi ndi msika. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo kumsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi tizipitako tokha, osangotumiza mwana wamkulu. Maola awiri otseka benchi ndi ochepa poyerekeza ndi zaka zisanu ndi zitatu za mwana.

Mawu kwa ophunzira

Inu a ku sekondale, a ku makoleji ndi a ku yunivesite, nkhaniyi musaione ngati ya ana a makanda. Ambiri a inu mudadutsa pansi pa mitengo yomweyi, ndipo mukudziwa anzanu anzeru kuposa inu amene adatsalira m'njira, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa adakhala kumbuyo kwa kalasi ya anthu 180 kumene mawu a aphunzitsi samafika. Inu mumadziwa kuwerenga bajeti ya khonsolo, mumadziwa kulemba kalata, mafoni muli nawo. Pa tchuthi pitani kusukulu yanu yakale, kawerengeni zipinda, kawerengeni ana, mukafunse khansala wanu mafunso amene amayi anu amaopa kufunsa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mu 2025 boma lidalengeza za maphunziro aulere a sekondale kuyambira January 2026. Ndi nkhani yokoma kwa kholo lililonse, monga momwe idakomera ya mu 1994. Koma phunziro la 1994 lisatitayike: kuchotsa fizi ndi ntchito ya tsiku limodzi, kumanga malo ndi ntchito ya zaka. Ndipo sekondale yaulere ilibe phindu kwa mwana amene adalephera kuphunzira kuwerenga mu sitandade 2.

Ufulu wa maphunziro sutha ndi kulembedwa dzina mu rejisitala. Umafuna poti mwana akhale, denga loti limuteteze ku mvula, ndi mphunzitsi amene angamuitane ndi dzina lake. Amene tikuwavotera, kuyambira khansala mpaka pulezidenti, tiziwayeza ndi muyeso umenewu. Chaka chamawa ana ena masauzande akwanitsa zaka 6 m'mizinda yathu. Adabadwa kale, akusewera m'makwalala athu pano, ndipo sadikira kuti tikonzeke.